Mazira a m'Khola la Alamu

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Ndafika. Utale ndi yomwe ija: fumbi, mbuzi, ndi anthu okufunsa kuti ukwatiwa liti usanatsike n'komwe pakabaza. Teremu yatha. Ana anga a Fomu 3 ku Machinga ndawasiya akukhulupirirabe kuti asidi ndi madzi a m'batire basi. Digiri ya kemisitiri, gauni, chithunzi chopachika pakhoma la amayi, zonsezo kuti ndizikangana ndi ana a eni za batire. Chabwino.

Maness mimba ikutsogola, mwini wake akubwera m'mbuyo. Mng'ono wanga yemwe ndinkamupukuta mamina uja, mu Okutobala akhala mayi wa munthu. Wanenepa bwino, nkhope see. Ayamikidwe ndani? Ine. Mpaka pano palibe amene watsegula pakamwa.

Ndilembe pano kuti mbiri isasokonekere. Pa Pasaka ndinamenya nkhondo ya mazira pakhomo pano. Amayi aakulu, a Modester, akulu awo a amayi, omwe ndimawatcha Khoti Lalikulu poti chigamulo chawo sachitira apilo, anali atalamula kuti woyembekezera asakhudze dzira, mwana angabadwe ndi dazi. Ndinawafunsa pamaso pa amayi onse a mphakati wa tchalitchi chathu kuti nanga amuna awo dazi lowala ngati mbale ya enamelo lija analitenga kuti, poti apongozi awo anamwalira osalawapo dzira. Amayi aja anaseka mpaka wina anatsamwa thobwa. Kuyambira tsikulo Maness amadya dzira lowiritsa m'mawa uliwonse, ndipo Khoti likandiona limapereka moni kwa mtengo wa mango uli kumbuyo kwanga.

Mawa akuti ndikayendere khola la nkhuku limene Jasten, mwamuna wa Maness, anamanga Pasaka itangotha kuti mazira asamasowe. Andikumbutsa kale kangapo. Mwina pakhala kudula riboni.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Khola ndaliona. Ndinene zoona: ndi lokongola kuposa nyumba ya aphunzitsi imene ndimagonamo, ndipo silidontha. Alamu anga Jasten, mlimi wa thonje, womata matayala a njinga, mkamwini wa pakhomo pano, lero anali Injiniya. Manja kumbuyo, kufotokoza nsichi iliyonse ngati akuonetsa nduna mlatho watsopano.

Nsichizo zikunyezimira. Pansi pa khola dothi lachita bii, lonyowa ngati pagalaja. Fungo lake ngati timibulu toyera tija toika m'sutikesi kuthamangitsa njenjete, koma laukali, lokakamira pakhosi.

"Chiswe chimafika apa n'kubwerera chokha, alamu," akutero. "Utitiri ndinauiwala. Nkhuku ndimazipaka m'miyendo Loweruka lililonse. Taonani mmene ikuwalira."

Ndinafunsa ngati ndi oilo wa galimoto. Anaseka umbuli wanga. Oilo wa galimoto ndi wa anthu wamba. Awa ndi mafuta a magetsi, a m'thiransifoma. Mnzawo Feston anagwira ganyu yophwasula chithiransifoma chakalekale pa fakitale ina ya thonje imene inatsekedwa ife tisanabadwe, ndipo m'malo mongoonerera mafuta akutayika anadzaza zigubu. Chimodzi chili kuseri kwa khola, chikudontha pang'onopang'ono pamchenga pomwe nkhuku zimasamba fumbi. Thadzi lina linali chigonere pomwepo, mapiko tambalale, likusangalala ngati mlendo wa m'hotela.

Ndinayamba ndi kuseka. Kenako ndinakumbukira phunziro lina la chaka chachitatu ku yunivesite, kuseka kuja kunathera pakati.

Maness anandisungira dzira, akuti mphunzitsi wake ndilaweko zipatso za ntchito yanga. Ndati m'mimba simuli bwino.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Labotale ya ku Utale: kapu yagalasi ya alendo, madzi a pamjigo, kamtengo. Dontho la mafuta ophikira linayandama. La oilo wa njinga linayandama. La Injiniya linatsika mwaulemu, osafulumira, n'kukakhala pansi pa kapu ngati mkanda.

Mafuta omira m'madzi. Mwana wa Sitandade 5 amadziwa kuti mafuta satero. Amene amatero, ochokera m'mathiransifoma akale, ndi aja otchedwa PCB, omwe mayiko anagwirizana kalekale kuti asapangidwenso. Kapu si labotale, ndikudziwa, ndipo ndingasangalale nditalakwitsa, koyamba m'moyo wanga. Koma fungo lija, ukale wa chitsulocho, ndiye dontho ili.

Ndinaitana Injiniya kuti adzaone. Anawerama, anayang'anitsitsa, n'kuwongoka nkhope ikuwala. "Mwaona, alamu? Olemera. Orijino."

Mulungu, munandipatsa mlamu.

Anthu amene anapanga zinthu zimenezi, kwawo kozizirako, ankafuna mafuta osayaka msanga, osawola, osatha. Mayeso anakhoza. Sathadi. Atazindikira kuti abereka chilombo anasiya, anachita misonkhano, anasainirana mapepala, anadya mabisiketi. Zotsala zinakhala m'zitsulo zadzimbiri kuno kwathu kudikira Feston. Tsopano njira yake ndi yowongoka ngati njanji ya pa Utale: dothi, nkhuku, chikasu cha dzira, mafuta a m'thupi la Maness, mchombo wa mwana. Kuwiritsa sikuthandiza. Kukazinga sikuthandiza. Ndipo mwano wake ndi woti sagwetsa munthu lero kuti anthu aone n'kuopa. Amagwira ntchito mwakachetechete. Mwina mwana kubadwa wochepa thupi, mwina mutu kugwira zinthu mochedwa, mwina matenda osachoka pakhomo, zina zodzaoneka iye ali kale ndi ana ake. Ungawafotokozere bwanji anthu za poizoni amene nkhuku ikumudya n'kumanenepa?

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndamuuza Maness. Ndinasankha nthawi yabwino, ali yekha akusenda nandolo. Ndinalankhula mofatsa ngati nesi wa chipatala cholipira. Ndinajambula ngakhale mivi padothi, kuchokera ku chigubu mpaka kumimba.

Anamvetsera mpaka kumapeto, manja osasiya ntchito, n'kunena kuti, "Achemwali, pa Pasaka munati chiyani?"

"Ndinati mazira ndi abwino. Ndi abwinobe. Koma awa iyayi."

"Kusikelo anandiimika kutsogolo kuti amayi anzanga aone mmene ndikuonekera. Anati pitirizani mazirawo. Inu mukuti ndisiye. Digiri yanuyi imasintha chaka chisanathe ngati mtengo wa thonje?"

Ndinati nkhani si dzira, nkhani ndi khola. Apo ndiye ndinaponda njoka kumchira. Khola ndi Jasten. Jasten ndi amene anakadula nsichi kutali, n'kuzikankha panjinga dzuwa lili pamutu, amuna a anzake ali pa bawo. "Inu simunamukondepo," akutero. Bodza. Sindinamuganizirepo mokwanira kuti ndimude.

Anamaliza ndi funso lake lakupha: "Nkhuku yafa ndi iti?"

Palibe. Zonse zili gwa, zonenepa, miyendo waliwali ngati zikupita ku ukwati.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Dzira lina lalowa. Anadyera pakhonde, moyang'anana nane, akuthira mchere pang'onopang'ono ngati mwambo wa m'tchalitchi.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndapita ku Balaka kukagula mazira a m'sitolo. Nzeru yake ndi iyi: ndizilawirira kukhola, kuchotsa a Injiniya, kuikamo ogula. Munthu wa digiri kukwawa m'zitosi kuti anamize mng'ono wake. Pobwerera wakabaza analowa m'maenje onse a mumsewu, ena anachita kuwabwerera kuti asawaphonye. Ambiri afika ali moyo.

A m'khola a lero ndawaponya m'chimbudzi. Mazira, m'chimbudzi, chaka cha njala ngati chino. Akandiona amayi andichotsa pa ubale.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ndagwidwa tsiku loyamba lomwe. Ukazitape si ntchito yanga. Maness anangolinyamula dzira, kulitembenuza, n'kufunsa kuti, "Thadzi lathu liti lingatulutse chimenechi osaitana azamba?" Atalibanda pakati, chikasu chake chotuwa ngati chadwala malungo. Sanafunsenso kuti wachita ndani.

Mlandu unakhala titabwera ku Misa. Amayi pampando, Maness pamphasa, Injiniya chiimire chapatali monga mwa ulemu wa mkamwini. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe, ndipo zinandinyansa chifukwa ndinali nditakonzekera.

"Ine pano ndine wobwera, ndikudziwa," anatero akuyang'ana pansi. "Ndikakhala osamanga kanthu, mkamwini waulesi. Ndamanga, ndiye ndikupha mwana wanga. Mayi, mundiuze inu choti ndizichita pakhomo pano."

Amayi anandiyang'ana ngati ndaba m'mbale ya chopereka. "Lena, kusukulu tinakutumiza ndife. Usatibwezere ndi chipongwe."

Ndinati sindikunena kuti alamu ndi mfiti, ndikunena kuti ndi mbuli. Ndinkaganiza kuti ndikuwachepetsera mlandu. Zikuoneka kuti iyayi.

Lolemba, 12 Ogasiti

Pakhomo akundilankhula ndi galu yekha. Ndapita kukamuona Feston pomwe amawotcherera zitsulo. Munthu wansangala, wopatsa, mtundu uja wa anthu amene amawononga dziko ndi mtima wabwino. M'masaya ndi kuseri kwa makutu kuli tiziphuphu takuda tothithikana, ngati wina anamuwaza chitowe. Akuti ndi magazi oipa, akumwera zitsamba. Tiziphuphuto tinayamba liti? Chapompo atagwira ganyu ija, koma akuti zinangokumana.

Chithiransifomacho akuti chinali chachikulu ngati nkhokwe, pakachitsulo kake panalembedwa chaka cha sikisite chakuti. Bwana wa ganyuyo ankafuna waya ndi chitsulo basi, mafuta anati thirani pansi. "Ine kuona chuma chikulowa m'dothi, madamu, mtima sunalole." Chigubu china chinapita ku Ngokwe kwa mlamu wake, akupaka nsichi za nkhokwe ya chimanga. China waiwala amene anamupatsa.

Ndamuuza apite kuchipatala, asawakhudzenso, atumize mawu ku Ngokwe lero lomwe. Anavomera zonse ndi mutu, mwaulemu, n'kundifunsa ngati ndikufunako kabotolo. Akuti amawalitsa tsitsi.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Machinga. Utale mpaka Balaka, Balaka mpaka Liwonde, Liwonde mpaka ku Boma, minibasi iliyonse ikulumbira kuti ikunyamuka pompano. M'chikwama kabotolo ka mafuta komata bwino ndi mazira angapo a m'khola okulunga m'nyuzi. Ndinkafuna pepala. Anthu akwathu mawu a mwana wawo sawamva, koma chidindo amachivulira chipewa.

Ndinapita kwa Hudson. Tinali kalasi imodzi ku yunivesite. Malipoti ake a m'labotale ankakopera anga, n'kusintha dzina ndi tsiku, nthawi zina tsiku lokha. Lero ali pa bungwe lina loona za chilengedwe, ali ndi mimba, galimoto yoyera ndi mawu atsopano. Anandilandira ndi "Aaa, madamu a kemisitiri," akuyankha foni ina, ina ikulira m'thumba.

Ndinaika kabotolo patebulo, ndinafotokoza za dontho lomira. Anasunthira mpando m'mbuyo. Apo ndinadziwa kuti pokopera paja china chinkatsalira m'mutu.

Akuti nkhaniyi ndi yofunika kwambiri. Akuti ikugwirizana ndi masomphenya a bungwe. Koma purojekiti ya chaka chino ndi ya majumbo apulasitiki ndi mbaula zosatha nkhuni. Mankhwala osawolawa mwina adzalowa m'gawo lachiwiri, othandiza akunja akavomera. Kuyeza? Iye sakudziwa makina ake pafupi pano, sampulo imapita kutali, ndipo zotsatira zingabwere mwanayo akukwawa. Koma kukhala wekishopu ku Liwonde mu Novembala, andiitana, pali alawansi ndi nkhomaliro yabwino.

Ndinati mwana abadwa mu Okutobala. Anati, "Ndiye mudzabwere ndi nkhani yake. Udzakhala umboni wamphamvu."

Sindinamumenye. Ndilembe zimenezi, mwina kumwamba zimawerengedwa.

Anandipatsa tisheti yolembedwa za kusamala dziko lathu. Potuluka anaona mazira aja m'nyuzi. "Awa ndi a lokolo? Mukubwerera nawo? Madamu kunyumba amawakonda." Ndinaima pakhomo paja nthawi yaitali kuposa mmene Mkhristu amayenera kuimira. Ndabwerera nawo.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Tisheti ndapatsa amayi. Akuti ikhala yopitira kudimba.

Amayi atopa ndi nkhope zathu, ndiye abwera ndi nzeru yothetsa zonse: tingotentha kholalo nkhani ithe. Injiniya, mokwiya mwaulemu, anati nsichizo n'zouma bwino, aziwaza zikhale nkhuni zophikira. Ndinachita kuthamanga kukaima pakhomo pa khola manja tambalale ngati thadzi lija. Ndinawauza kuti mafuta amenewa ukawaika pamoto wa nkhuni amabala china choipa kuposa iwo, chimakwera ndi utsi n'kutera pa ndiwo, padenga, pa aliyense.

"Ndiye tikawathire mu mtsinje wa Rivirivi?" anafunsa amayi. Iyayi. "M'chimbudzi?" Iyayi. "Tiwakwirire?" Iyayi, mjigo uli pafupi.

Injiniya anapinda zala. "Kutentha ayi, kutaya ayi, kukwirira ayi. Alamu, ndiye tiwalembetse sukulu?"

Amayi anaseka. Maness anaseka mpaka kugwira mimba. Choipa n'chakuti funsolo ndi labwino, ndipo anthu a mabisiketi aja nawonso akulizungulirabe m'mahotela. Zimene ndikudziwa ine n'zochepa: chigubu chitsekedwe, chikhale pouma, nkhuku zichoke padothi limenelo, ndipo dzira la nkhuku zimenezi lisalowenso mwa Maness. Zinazo zingadikire mawa. Chomalizacho chimachitika m'mawa uliwonse, ndi mchere.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndaona chinthu. Maness anaima pakhomo la nyumba, mwendo wina mkati wina kunja, akucheza ndi amayi. Khoti Lalikulu linkadutsa ndi dengu pamutu. Silinalankhule. Linangokhosomola. Maness anadumpha kuchoka pakhomopo ngati waponda khala la moto, poti akuti woyembekezera akaima pakhomo mwana nayenso adzaima pakhomo tsiku lobadwa. Chimimba chonse chija, kudumpha.

Ine mivi padothi, kapu yagalasi, maminibasi a ku Machinga: ziro. Chifuwa cha a Modester: pompo.

Ganizo limene landibwerera ndi lonyansa moti ndasamba m'manja ndisanalilembe. Lamulo la dazi lija ndinaligwetsa ndine. Ndikhoza kulidzutsa.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndinapita ndi shuga, kukhoti sapita chimanjamanja. Anandisiya chiimire pabwalo akupeta mphale mpaka mtima unakhala pansi, kenako anafunsa nkhuku yawo ngati kwabwera alendo.

Ndinawauza zoona zake zonse: mafuta, khola, mwana. Za mafuta anazikankhira kumbali ndi lichero. "Mafuta a Jasten ndi abwino. Ine ndimapaka m'maondo, nyamakazi inathawa." Kabotolo kake kanali pawindo, kakuwala padzuwa. Ndinatseka maso n'kupemphera chamumtima kuti lilime langa likhale m'khola.

Koma atamvetsa chimene ndabwerera, nkhope inatseguka ngati duwa la dzungu.

"Ndiye ukufuna ndikamuuze Maness asiye mazira."

"Eya, mayi."

"Chifukwa cha dazi."

"Eya."

"Dazi lomwe lija la bambo ako aakulu? Lowala ngati mbale ya enamelo?"

Sanaiwale ngakhale liwu limodzi. Mutu umene sunadzazidwe ndi masamu umakhala ndi zipinda zambiri zosungiramo chipongwe.

Chigamulo: Lamulungu masana mphakati ukumana kwathu. Pamaso pa amayi omwe anaseka aja ndidzagwade, maondo onse awiri, ndinene kuti ndinalankhula zachibwana, akuluakulu ankadziwa. Ndikatero iwo adzalamula za mazira. "Unandivula pagulu, mwana wanga. Udzandiveka pagulu."

Ndavomera. Ndapemphako chimodzi, kuti lamulolo lifike mpaka mwana atasiya kuyamwa. M'malamulo akale mulibe zimenezo, koma Khoti lalandira ndi manja awiri. Lamulo likatalika ndiye limakoma.

Potuluka ndaba kabotolo kaja pawindo. Ndikaulula zonse kwa abambo mfumu mtolo umodzi.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndayeserera kugwada m'chipinda. Maondo akudabwa. Kunja Injiniya akupaka nkhuku zake, poti ndi Loweruka, uku akuimba za kwaya.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Zachitika. Anabwera onse, ngakhale amene sanapondeko kumphakati chiyambire chaka. Nkhani inayenda mudzi wonse popanda kabaza. Ena anabwera ndi mipando yawo. Mapemphero atatha, mofulumira kuposa masiku onse, Khoti linakonza chitenje n'kunena kuti mwana wathu Lena ali ndi mawu.

Ndinagwada. Pabwalo la amayi pali timiyala tosongoka tomwe sindinkatidziwa, takhala tikundidikira zaka zonsezi. Ndinanena mawu anga ngati mwana wa katekisimu: ndinalankhula zachibwana, sukulu inandikwera m'mutu, akuluakulu ankadziwa. Wina kumbuyo anati, "Kwezani mawu aphunzitsi, kuno sitikumva." Ndinakweza. Wina anayesa kanthungululu kakang'ono.

Khoti linandisiya pansi pomwepo n'kuyamba ulaliki. Za ana a masiku ano. Za akazi ovala mathalauza. Za mtsikana wina wa ku Ngokwe amene anadya mazira n'kubereka mwana mutu ngati chipanda, mpaka lero tsitsi limamera m'makutu mokha. Pomaliza linatembenukira kwa Maness: kuyambira lero dzira iyayi, mpaka mwana atabadwa ndi kusiya bere.

Maso onse kwa Maness. Anali pamphasa, miyendo yowongola, akuyang'ana ine, osati Khoti. Kenako anaomba m'manja pang'ono, mwaulemu wonse.

"Pepani mayi. Zoima pakhomo zija ndimamvera, sizinditayitsa kanthu. Koma za dazi kusikelo anati ndi nthano, ndipo anayamba kundiphunzitsa ndi achemwali omwewa. Ine mwana wanga sindingamumane chakudya chifukwa cha tsitsi. Akabadwa wadazi tidzamugulira chipewa."

Amayi aja anafa nacho chiseko. Kachiwiri chaka chimodzi, pabwalo lomwelo, Khoti Lalikulu lasekedwa chifukwa cha dzira, ndipo ulendo uno ine ndili chogwada pambali pake ngati mbuzi ya chindapusa. Linanyamuka osatsanzika, likutsimphina, poti mankhwala a maondo anabedwa.

M'ntchito yanga yonse ya uphunzitsi, wophunzira amene anamva n'kusunga ndi mmodzi yekha. Ameneyu.

Maondo atupa. Sindikufuna kuona munthu.

Lolemba, 19 Ogasiti

Ndinadzuka mochedwa, dala. Ndinkadikira kaphokoso kaja ka dzira likugunda m'mbali mwa poto. Kunali zii. Chimene ndinamva ndi nkhuku zikulira kuseri ndi Injiniya akuzitukwana mwaulemu. Pawindo ndinaona akuzigwira imodziimodzi n'kukazitsekera m'khitchini yakale ya amayi, kutali ndi khola. Chigubu chinali chitaimikidwa m'beseni lachitsulo pansi pa denga, kukamwa komanga ndi mphira. Atandiona anayang'ana kumbali. Sitinapatsane moni. Zinatikomera tonse.

Maness anali pakhonde ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Dzira palibe. Pambali pake kapu yagalasi ija, sindikudziwa anaitenga liti pomwe ndinaibisa, dontho lili pansi pake chikhalire.

Ndinakhala, maondo owongola. "Chipewa chija wasintha maganizo?"

"Za dazi ndi bodza, achemwali, musandinamize ngati mwana." Anatakasa phala. "Koma chibadwire changa sindinakuoneni mutagwadira munthu. Bambo ali moyo munkawapatsa madzi chiimire, iwo akukalipa inu n'kumaseka. Kutchalitchi mumagwada bondo limodzi ngati mukumanga nsapato. Dzulo onse awiri, pamiyala, pamaso pa amayi aakulu." Anatapa phala ndi supuni. "Ndinati achemwali akuopa. Ndamuuza Jasten kuti akapanda kuzichotsa nkhukuzo ndizikagona kwa amayi. Ndamuuzanso kuti mazira ake asapite kwa munthu."

Ndinafuna kunena kanthu kakuthwa. Kanali kale palilime, za ophunzira amene amamvera maondo a mphunzitsi kusiya mutu wake. Koma anaika supuni pansi n'kugwira mimba ndi manja onse awiri, pomwe chitenje chinkagwedezeka chokha, mwini malo akutembenuka.

"Ndasiya. Nanga amene ndadya kale aja? Chimangire khola lija. Munati mafutawo sawola, satha." Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ali wamng'ono akabwera ndi samu yomukanika. "Atuluka liti?"

Ndamuuza kuti ndikatunge kaye madzi.

Ndowa zonse n'zodzaza.